Masuti Atatu a Bwana Kamtedza

Tasenderani kuno ana inu, ndipo mafoniwo muwagoneke chafufumimba patebulopo. Iwe Tadala, dzulo ndinakumva ukuuza mng'ono wako kuti sukalembetsa zovota chifukwa andale onse ndi amodzi. Mumayesa sindimva. Khutu limene linafa ndi lakumanzere lokha, lakumanjali likadali pantchito. Sindikukutsutsa, mwina ukunena zoona, koma wazinena motchipa, ngati munthu amene wangozitola pafoni. Ine zimenezo ndinachita kuziyeza ndi tepi, m'chiuno ndi m'mapewa momwe. Agogo anu aakazi ali kukwaya, ndiye ndiikambe ndekha nkhaniyi, chifukwa akaikamba iwo ine ndimatulukamo chitsiru chathunthu, pamene ndikaikamba ndekha ndimatulukamo chitsiru cha theka.

Mu Lilongwe muno ndinalowa ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Nathenje, mutu wa makina osokera nditaumanga ndi mphira pakaliyala ya njinga. Miyendo ya makinawo inabwera pambuyo, pangolo ya amalume amene ankadzagulitsa mtedza. Kumene mumati ku City Centre uko, kumene amayi anu amagwira ntchito m'chinyumba cha magalasi, kunali tchire, ndipo anthu ankakumbako mbewa. Tauni inali Old Town basi. Kuseri kwa msika, potsetserekera kumtsinje, kunali malo ongokhala, ndipo ife amatelala tinazikapo timisasa tathu. Kenako anabwera okhoma zidebe, osoka nsapato, ndi amayi a tomato ndi masamba. Malowo anthu ankangoti pa Matelala. Agogo anu, Nachisale, ndinawapeza pomwepo, akugulitsa tomato moyang'anana ndi msasa wanga. Ndinagula tomato miyezi itatu ndilibe ndi poto yemwe.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi. Pageti la msika pankaima anyamata ofunsa khadi lachipani, ndipo wopanda khadi ankabwerera kwawo osagula ngakhale mchere. Pakamwa panali potseka, koma makina anga ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Diresi ikalephera kuphimba maondo unali mlandu, choncho mayi aliyense ankafuna nsalu yambiri ndi telala wodziwa kupinda. Akazi sankavala mathalauza ngati awa wavala iwe Chikondi, ong'ambika pamaondo, amene ukuti unawagula ali choncho. Ukanabwera nawo kwa ine kale ndikanakumvera chisoni n'kukuikira chigamba chaulere. Masana tinkadya chikondamoyo ndi tiyi wa mkaka m'kapu yachitsulo yowotcha milomo, ndipo simbi yanga ya makala sinkazizira.

Koma musamve ngati ndikulirira masiku amenewo. Mnzanga wina, telala wa msasa woyandikana ndi wanga, anangonena tsiku lina kuti nsalu yachipani imasuluka ikachapidwa. Zinali zoona, inkasulukadi. Anabwera kudzamutenga, ndipo anabwerako patapita zaka ziwiri mano akutsogolo mulibe. Choncho itafika nthawi yoti tisankhe ngati tikufuna zipani zambiri, ine ndinali pamzere tambala asanatsike mumtengo, ndipo zotsatira zitamveka ndinavina mpaka nsapato kuthothoka chidendene.

Chimene sanatiuze n'chakuti demokalase ndi kaunjika zinakwera lole imodzi. Anati tsopano pakamwa pamasuka ndipo msika nawo wamasuka, aliyense alankhule chimene akufuna, aliyense agulitse chimene akufuna. Mwadzidzidzi m'misewu munadzaza majekete osokedwa kunja, amene eni ake anafa kapena ananenepa, akugulitsidwa motchipa kuposa nsalu imene ine ndikanasokera mkono umodzi. Ife amisiri, amene tinkadula suti kuchokera pansalu yosakhudzidwa, tinasanduka ochepetsa mathalauza a azungu ataliatali. Ndinali ndi ufulu wonse wotukwana boma, ndipo ndinkaugwiritsa ntchito tsiku lililonse, popeza nthawi ndinali nayo yambiri. Walira mvula walira matope.

Malole a kaunjikawo, ambiri anali a Bwana Kamtedza. Ameneyu ndinkamudziwa kuyambira kale, chifukwa anali mmodzi wa anyamata aja ofunsa makhadi pageti la msika. Zinthu zitatembenuka, iye anali woyamba kunena kuti nthawi yonse ija ankamenyera ufulu wathu mobisa. Anabisadi bwino, palibe amene anamuona. Anayamba ndi lole imodzi, kenako masitolo, kenako nyumba ku Area 43 ya mpanda wotalika ngati wa ndende. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma iwo sanakumane ndi Kamtedza. Iye anali ndi mapanga m'chipani chilichonse ndipo dontho la mvula silinamugwerepo.

Zaka zinapita, bambo anu Limbani anakula, imvi zinayamba. Ndiye kunamveka mphekesera yoti malo athu a pa Matelala akufuna kuwapereka kwa Kamtedza kuti amangepo chinyumba cha masitolo. Amene anatitsimikizira anali a Mhango, bambo wakumpoto wogwira ntchito yaboma ku City Centre, amene ankabwera kwa ine kudzatembenuzitsa makolala a malaya akaperepeseka. Munthu wantchito yaboma wotembenuzitsa kolala, dziwani kuti sakuba.

"Adada telala," anatero akuyang'ana uku ndi uku, "nkhaniyi ndi yoona. Koma singadutse popanda makhansala kuvomereza, ndipo khansala wa dera lino akaikana mwamphamvu, imakakamira pakhosi. Chisankho cha makhansala chayandikira. Musankhe mwanzeru."

Opikisana anali atatu, aliyense ndi chipani chake. Maina awo ndi osafunika, ine monga telala ndimawakumbukira ndi matupi: Wamimba, Wamtali ndi Wadazi. Onse anabwera pa Matelala, aliyense tsiku lake, ndipo aliyense analumbira kuti malo athu adzawateteza ndi magazi ake, n'kunena kuti anzake awiriwo ndi mbava zogulidwa. Pa Matelala tinagawanika patatu. Okhoma zidebe anasiya kupatsana moni ndi osoka nsapato. Akulu ampingo awiri anagwirana m'makolala, ndipo makolala onse awiri ndinasoka ndine.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti Bwana Kamtedza akundifuna kunyumba kwake, nditenge tepi ndi choko. Ndinakwera minibasi mpaka pamene imathera, kwinako ndinayenda wapansi pamodzi ndi alonda, ophika ndi osesa pabwalo. Ku Area 43 munthu woyenda pansi safunsidwa kuti ndiwe yani, amafunsidwa kuti umagwira kwa yani. Mlonda anatsegula kachitseko kakang'ono ka pageti, agalu anandinunkhiza n'kuona kuti ndilibe kanthu, ndipo anandiperekeza kuseri kwa nyumba.

Pakapinga wobiriwira, mwezi wa Okutobala pamene ife kwathu tinkalimbirana madzi pampopi, panali tebulo ndi mbale ya kanyenya. Pozungulira tebulolo panali Wamimba, Wamtali ndi Wadazi, akuseka, akupatsirana tsabola. Wamtali, amene dzana lake anatiuza kuti Wadazi ndi njoka, ankamuthirira njokayo chakumwa.

"A telala, fikani!" anatero Kamtedza. "Anyamata angawa akufunika kuoneka bwino pamaso pa anthu. Ndatsegula belo latsopano, muli masuti atatu abwino. Muwakonze awakwane."

Mukuona kulemera kwake? Munthu wogula andale atatu, koma masuti awo akuchotsa m'belo la kaunjika. Ndinagwada n'kuyamba kuyeza. Nditafika pamimba ya Wamimba ndinalephera kudzigwira.

"Pepani bwana, ine ndimayesa akuluakuluwa ndi adani."

Onse anaseka mpaka Wadazi kutsamwa.

"Pamsonkhano ndi adani," anatero Kamtedza. "Madala, ine demokalase ndimaikonda kuposa munthu aliyense mu Lilongwe muno. Anthu asankhe mwaufulu, asaopsezedwe. Inu muli ndi voti imodzi, ine ndili ndi voti imodzi. Si chilungamo chimenecho? Kungoti ine ndi wabizinesi, sindikonda kudzidzimuka. Mlimi wanzeru amadzala chimanga, chinangwa ndi mbatata. Mvula ichite zimene ikufuna, iye adya."

Kenako anandiuza kuti malaya a kampeni a zipani zonse zitatu ndisoke ndine, ntchito ya miyezi iwiri yathunthu, ndipo anawonjezera kuti chimene amawakondera amatelala n'chakuti pakamwa pawo pamakhala mapini. Ana inu, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinamuponyera tepi kumaso. Ndinati, "Zikomo kwambiri bwana," manja onse awiri pachifuwa. Anandikulungira kanyenya wotsala m'nyuzipepala ndipo ndinanyamula.

Ndinasunga chinsinsicho sabata imodzi. Koma agogo anu si munthu womubisira kanthu. Anaona nyama ikubwera pakhomo kawiri sabata imodzi, anaona tizidutswa ta nsalu za zipani zitatu m'thumba langa limodzi. Lamulungu titabwera kutchalitchi anakhala pampando uwo, osavula ndi duku lomwe.

"Bambo a Limbani, nyama imeneyi ikulira dzina la munthu. Ndi ya yani?"

Ndinafotokoza zonse. Sanakalipe. Anangofunsa kuti masutiwo ali kuti, ndipo ndinawaonetsa atapachikika kuchipinda. Matumba am'kati a majekete onse atatu anali obooka, ndiye ndinali nditawasokera matumba atsopano ndi chitenje chakale cha agogo anu, cha maluwa a mpendadzuwa. Anachiyang'ana chitenje chawocho nthawi yaitali, n'kungoti, "Chabwino."

M'mawa mwake anakwera pabenchi lawo la tomato n'kuuza pa Matelala ponse zimene ndinaona. Ena anati ndi bodza la chipani china. Mayi wina wogulitsa masamba anakuwa monyoza kuti, "Ngati onse ndi ogulidwa, ndiye imani ndinu!" Anthu anaseka. Agogo anu sanaseke. Anatsika pabenchi, anapukuta manja, n'kupita kukafunsa a Mhango kuti munthu woima payekha amatani. Chingerezi anali nacho cha sitandade eyiti yakale, chimene chimaposa cha ena a inu amene mumati muli kuyunivesite koma kalata mumalemba ngati nkhuku yapalasa. Chizindikiro chawo papepala lovotera chinali dengu.

Taganizani tsono mmene zinalili pa Matelala. Mbali iyi mkazi akuchititsa msonkhano, mbali iyo mwamuna wake akupalasa makina kusoka malaya a adani ake onse atatu. Anthu ankabwera kudzangoonerera. Ine ndinkati ntchito ndi ntchito, ndale ndi ndale. Agogo anu ankati, "Sokani bambo, ufa wa kampeni yanga ukuchokera momwemo." Choncho Kamtedza, osadziwa, anali atadzalanso mbewu yachinayi.

Atatu aja ankagawa nsalu, sopo, shuga ndi mchere. Agogo anu analibe chogawa. Ankangouza anthu kuti, "Landirani, musakane, ndi zanu zomwe zimenezo, zabwerera pakhomo. Koma m'kachipinda kovotera simulowa Kamtedza. Mumalowa inu ndi Mulungu wanu." Anthu anamvera malangizowo mokhulupirika. Panali mayi wina amene ankavina m'misonkhano yonse itatu tsiku limodzi, akusintha chitenje kuseri kwa chimbudzi.

Kutatsala masiku ochepa, atsogoleri amipingo anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu kuti opikisana onse alankhule pamaso pa anthu. Atatu aja anabwera atatchena masuti aja, ndipo kunena zoona ankawakhala, ntchito yanga sindiinyoza. Anatukwanana bwinobwino monga mwa pangano. Itafika nthawi ya agogo anu, anaimirira ndi chitenje chawo cha kumsika.

"Ine sindidziwa kulankhula zambiri," anatero. "Ndingopempha abambo atatuwa atsegule majekete awo, atulutse matumba am'kati. Ngati simuona maluwa a mpendadzuwa m'majekete onse atatu, musandivotere. Chitenjecho ndi changa, anasoka ndi amuna anga awo akubisala kuseri kwa mtengowo, ndipo amene anawatuma ndi munthu mmodzi."

Bwalo lonse linayamba kuimba kuti, "Tsegula! Tsegula!" Wamimba anamanga mabatani onse n'kunena kuti izi n'zachibwana. Wamtali anati ali ndi chimfine. Koma Wadazi, amene mutu wake unali wosalala kunja ndi m'kati momwe, anafuna kutsutsa bodzalo. Anapisa dzanja n'kusolola thumba, ndipo mpendadzuwa unatulukira poyera, wachikasu ngati uli m'munda. Amayi a kumsika analumphira awiri enawo. Phokoso lake linamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Agogo anu anapambana. Inde, amene amakukalipirani chifukwa chosatsuka makapuwa anali khansala wa mzinda uno, ankatchedwa olemekezeka.

Kutacha, galimoto yaitali inalowa m'kanjira kathu ka ku Mchesi, ikukhula mipanda ya anthu. Anatsika Kamtedza, akumwetulira ngati wapambana ndi iye. Kumbuyo kwake amuna awiri ananyamula makina osokera amagetsi, atsopano, akadali m'pulasitiki.

"Amayi olemekezeka, ndabwera kudzayamika. Anthu alankhula. Aka ndi kamphatso ka madalawa, asamavutike ndi kupalasa."

Agogo anu anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kunena kuti, "Zikomo bwana, koma kuno magetsi amavutavuta. Abwerere nawo." Kamtedza sanakwiye. Anamwa madziwo, anadzuka, n'kunena mofatsa kuti, "Amayi, inu mwapatsidwa zaka zisanu. Ine palibe amene anandipatsa zaka." Makinawo ndinawaperekeza ndi maso mpaka galimoto kukhota. Ndisakunamizeni, ndinalowa m'bafa n'kulira pang'ono.

Nkhani ya malo inakakamiradi pakhosi monga ananenera a Mhango. Ikabwera pamsonkhano wa makhansala, agogo anu ankaimirira n'kufunsa kuti anthu a pa Matelala apita kuti, ndipo ankabwera ndi amayi a tomato odzaza khonde lonse. Ankaibweza, ikabweranso, ankaibwezanso. Zaka zisanu pa Matelala sipanagwe msasa ngakhale umodzi. Iwe Tadala, azakhali ako aang'ono anamaliza sukulu ya unamwino ndi makina anga ali pamalo pomwepo, m'zaka zisanu zimenezo. Ndiye ukamati kuvota n'kopanda ntchito, uzikawauza iwowo akamakubaya jakisoni.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Kuyambira sabata yoyamba, tikatsegula chitseko m'mawa tinkapeza anthu atakhala kale pakhonde. Uyu mwana wamuthamangitsa kusukulu, uyu mkazi wake ali kuchipatala, uyu denga lasasuka, uyu akufuna thiransipoti yopita kumaliro ku Mitundu. Aliyense ankayamba ndi mawu amodzimodzi: "Amayi, paja tinakuvoterani." Ndinadabwa kuona kuti anthu amene anawavotera anali ochuluka kuposa anthu onse a m'deralo. Kangachepe kamene khansala ankalandira kankatha sabata isanathe. Benchi la tomato linafa chifukwa cha misonkhano. Mbuzi zathu za ku Nathenje zinapita imodziimodzi, malata amene tinasungira nyumba ino anakafolera nyumba za ena. Agogo anu akafotokoza kuti ntchito ya khansala ndi ngalande, misika ndi zinyalala, anthu ankagwedeza mutu mwaulemu, n'kukanena panjira kuti mayi uja ndi wouma manja, akudya yekha.

Nthawi yomweyo lole ina ya Kamtedza inapakidwa penti yatsopano, ndi nkhope ya Wadazi pachitseko, dazi likuwala. Ntchito yake inali kunyamula maliro mwaulere. Munthu akangotsirizika, lole inkafika abale ena asanamve n'komwe.

Chimene chinandithyola ine ndi maliro a mkazi wa a Jere, wokhoma zidebe, mnzathu wa zaka zambiri. A Jere anabwera m'mamawa, chipewa m'manja, kudzapempha bokosi. M'nyumba mwathu munalibe kalikonse. Agogo anu anayang'ana kabati yathu ya mbale, ya matabwa a mlombwa, imene ndinawagulira Limbani atabadwa.

"Bambo a Limbani, tsitsani mbalezo."

Kalipentala anaiphwasula n'kukhoma bokosi labwino ndithu, lolimba. Tinalinyamula pamutu mpaka kusiwa. Tikungofika, lole ija inatulukira ndi bokosi loyera, la zogwirira zonyezimira ndi kagalasi koonera nkhope. Abale a malemu anayang'ana lathu, anayang'ana loyeralo, ndipo sanavutike kusankha. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Khansala wathunthu kubweretsa kabati." Bokosi lathu tinabwerera nalo kunyumba. Linakhala kuseri miyezi ingapo, tikusungiramo chimanga.

Kuyambira pamenepo agogo anu anayamba kudwala mutu ndi kuthamanga magazi. Tsiku lina anagwa pampopi. Anaonda mpaka madiresi awo onse ndinawachepetsa kawiri. Ndinawapempha kuti chisankho chikubwerachi asaimenso. Anati, "Ndikasiya ine, pa Matelala patha." Ndipo anaimanso.

Kutatsala sabata, Kamtedza anaimitsa galimoto pafupi ndi msasa wanga, anatsitsa galasi pang'ono. "Madala, amayi atopa, mukuona nokha. Chinyumba chija chikamangidwa, pakhomo penipeni padzakhala kashopu ka telala. Ndikuganiza za inu." Anakweza galasi n'kumapita. Sanandipatse kanthu, sanandipemphe kanthu.

Tsiku lovota ndinalowa m'kachipinda kaja. Munalibe Kamtedza, zoona, munali ine ndi Mulungu wanga. Ndinaona dengu papepala, ndinaona dazi. Ndinadziuza kuti ndikupulumutsa moyo wa mkazi wanga, ndipo zinali zoona. Koma kashopu kaja kanalinso momwemo, kataima pambali, magalasi ake akuwala. Ndinachonga Wadazi. Musandiyang'ane choncho, iwe Chikondi tseka pakamwa, mulowa ntchentche.

Agogo anu anagonja, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa, anthu oti akhoza kukwana m'minibasi imodzi osapanikizana. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, chimakina chogumulira chinafika pa Matelala m'mawa, apolisi ali pambali, mapepala onse ali m'malo mwake, osainidwa mwalamulo ndi anthu osankhidwa mwaufulu. Zimene tinamanga zaka makumi anayi zinatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. A Jere anakhala pamulu wa malata atagwira nyundo yawo. Madzulo anthu omwe aja anadzaza pakhonde pathu kuti amayi tithandizeni. Agogo anu anatuluka n'kuwauza mofatsa kuti, "Pitani kwa khansala wanu." Anapitadi, koma anapeza kuti Wadazi anasamukira ku Area 15, kunyumba ya geti ndi galu. Lole ya maliro nayo inali itabwerera kukanyamula mabelo.

Za kashopu kaja, ndinayenda ulendo wa ku Area 43 katatu. Ulendo woyamba mlonda anati bwana ali kunja. Wachiwiri anati bwana akupuma. Wachitatu sanatsegule ndi kachitseko komwe, anangolankhulira pakabowo kuti bwana akuti telala sakumukumbuka. Makina anga ndi awo ali pakonapo, mwaikapo maluwa apulasitiki.

Chinsinsi changacho ndinakhala nacho zaka zingapo, chikundidya ngati njenjete m'suti. Agogo anu anachira, ananenepanso, anayambanso kuimba kwaya. Ndiye chaka chatha, tikuchokera kokayezetsa maso, anati tilowe m'chinyumba cha masitolo chija, chimene inu mumakonda kukadyako ayisikilimu n'kumadzijambula. Chimangidwireni tinali tisanapondemo. Tinayenda pang'onopang'ono pamatailosi oterera, tikuyeza ndi maso. Pamene panali benchi la tomato pali sitolo ya mafoni. Pamene panali msasa wanga amaimikapo timangolo togulira zinthu. Pakhomo penipeni palidi kashopu, amagulitsamo masuti ochokera kunja. Miyendo itatopa tinakhala pabenchi lachitsulo pafupi ndi khomo, ndipo ndinaona kuti ndikapanda kunena pamenepo ndidzapita nazo kumanda.

"Mayi a Limbani, ulendo wachiwiri uja ine sindinakuvotereni."

Sanatembenuke. Anapitiriza kuyang'ana anthu akukankha timangolo.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Munabwera kunyumba n'kutsuka mbale. Chikwatiraneni munali musanatsukepo mbale."

Kenako anapumira m'mwamba.

"Inenso ndinaima nthawi yaitali m'kachipinda kaja. Papepala anaikapo chithunzi changa chakale, cha ulendo woyamba, ndili ndi masaya. Ndinamuyang'ana mayiyo n'kumumvera chisoni. Ndinati, mayi iwe, zaka zisanu zina akupha anthuwa. Ndinapinda pepalalo osachonga paliponse, n'kuliponya m'bokosi."

"Ndiye m'minibasi ya okugonjetsani ija tinalimo tonse awiri?"

"Inu munakhala kutsogolo," anatero. "Ine ndinangokwera."

Tinayamba kuseka, nkhalamba ziwiri pabenchi, kuseka kotuluka ndi misozi, mpaka anthu kumatiyang'ana. Posakhalitsa anafika mlonda wa pamalopo, wa yunifolomu yosokedwa moipa, mapewa akugwa. Anaima patsogolo pathu mwaulemu ndithu, manja kumbuyo.

"Pepani agogo, benchili ndi la makasitomala. Kodi mukugula kanthu?"

Agogo anu anadzuka pang'onopang'ono, anakonza chitenje, anandipatsa ndodo yanga, n'kumuyang'ana mlondayo kumaso.

"Ayi mwanawe, ife sitikugula. Ife ndi amene tinagulitsa."